Tsiku Limene Tinalonga Ufumu ku Dudley

Chaka changa chachiwiri ku Dudley ndinali nditasanduka munthu wolankhula chonong'ona. Sindinabadwe choncho ayi. Kwathu ku Dowa ndinaphunzitsa Chichewa kusekondale zaka zambiri, ndipo zisudzo za ana asukulu ndinkakonza ndine. Ndikaima pabwalo la mpira n'kuitana mwana mmodzi, ndi amene ali kuchigayo ankatembenuka. Koma kuno, kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito, mawu okweza amadzidzimutsa anthu. Komanso ukamalankhula Chingerezi chako cha ku Dowa, munthu akakufunsa kawiri katatu kuti wati chiyani, umangomwetulira n'kuisiya nkhaniyo. Ndinafika popepesa ngakhale kwa munthu amene wandiponda phazi m'basi.

Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinaona chithunzi pazenera la laibulale. Ankafuna anthu wamba a m'dera lino oti achite nawo sewero. Ndinadutsa, ndinabwerera, ndinawerenganso. Loweruka lake ndinapezeka ndili m'kaholo ka tchalitchi china pamodzi ndi anthu amene sindinawaonepo, tikupatsidwa mapepala oti tiwerenge mokweza.

Wotsogolera sewerolo anali mtsikana wa ku Wolverhampton, wamng'ono kwa ine, wowonda, wa mphuno yofiira nthawi zonse ndi chimfine. Anatifotokozera nkhani yake. Kalekale, zaka mazanamazana zapitazo, mfumu ya dziko lino inamwalira itasiya mwana wamkazi. Mfumuyo inali italumbiritsa nduna zake kuti mwanayo ndiye adzalowe ufumu. Koma maliro asanazizire n'komwe, mwana wa mlongo wake wa mfumuyo anathamanga n'kukavala chisoti. Apo panabuka nkhondo yapachiweniweni imene inatenga zaka zambiri. Midzi inapsa, minda inagonera, anthu anafa ndi njala chifukwa cha mpando umodzi.

Kenako mtsikanayo ananena zimene zinandiimitsa mutu. Sewerolo silidzachitikira m'holo. Lidzachitikira panja, m'mabwinja a tchalitchi chakalekale chamiyala chimene chili m'paki, m'mwezi wa Disembala, dzuwa likangolowa. Ankati anthu akale aja anavutika ndi chisanu, ndiye owonerera nawonso achimve m'mafupa. Zimkuzamawu ankazikana. Ine mumtima ndinati anthu awa Mulungu anawapatsa nyumba zofunda, koma akafuna kusangalala amatuluka dala kukazizidwa. Komabe dzina ndinalembetsa.

Ndinkayembekezera kuti andipatsa mtolo wa nkhuni ndizingodutsa kumbuyo. M'malo mwake anandipatsa mbali ya mlongo wa mfumu yomwalira ija, mayi wake wa wolanda ufumu. Sinali mbali yaitali. Ndinali ndi malo amodzi okha olankhula, koma anali pamtima penipeni pa sewerolo. Pamalo amenewo mwana wamkazi wa mfumu amaima n'kunena mlandu wake. Akatha, ndimaima ine kunenera mwana wanga. Owonerera onse amakhala atapatsidwa tinyali tamabatire polowa, ndiye akamva mbali zonse ziwiri amakweza nyali zawo kusonyeza amene akumufuna. Wotsogolera anatiuza mosabisa kuti mwana wamkazi ndiye azidzapambana, chifukwa anthu a kuno amamukonda ndipo mwamunayo amamutenga ngati mbala. Akapambana, mwana wanga amakana chigamulocho, nkhondo n'kuyamba. Panali timizere tina tochepa tolembedwa kuti mwina nyali zingagwere kwa ife, koma anati timenetu sitidzatifuna.

Mwana wangayo anali chimzungu chachikulu, cha dazi, chogwira ntchito kufakitale ya magalimoto ku Solihull. Zaka zathu zinali zofanana, mwina iyeyo ndiye anali wamkulu. Anali munthu wofatsa kwambiri, wondisungira malo pafupi ndi chotenthetsera, ndipo kuyambira tsiku loyamba ankanditchula kuti mayi. Ndinkamuseka kuti mimba yake ndiyenera kuti ndinaitenga ndili m'mimba inenso. Amene ankachita mbali ya mwana wamkazi wa mfumu anali mtsikana wa kuyunivesite ku Birmingham, wa mawu okoma, olunjika. Akayamba kulankhula, ngakhale ine mdani wake ndinkafuna kumukwezera nyali.

Titayamba kuyeserera panja, zinthu zinandiipira. Mphepo ya m'mabwinja muja imalowa pazenera lopanda galasi n'kukutengera mawu usanawamalize. Milomo imauma, zala zimafa, nsapato zimamira m'matope. Walira mvula walira matope, ndinkadziuza choncho, koma vuto lalikulu silinali chisanu. Ndinkaima pamalo anga, mutu woweramitsa pang'ono, manja pachifuwa, n'kumanena mawu anga ngati mayi amene waitanidwa kuofesi ya ahedi chifukwa mwana wake waba. Ndinkaona kuti ndi mmene ziyenera kukhalira. Mwana wanga ndi wolanda, ine ndikumupemphera chifundo. Wotsogolera ankapita kukaima kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi mpanda, n'kumagwira khutu. Ndikakweza mawu, ankamveka ngati ndikulira.

Pagulu pathu panali mayi wina wachizungu, mphunzitsi wopuma ntchito, amene anauzidwa kuti aloweze mawu anga kuchitira kuti mwina ndingadwale. Anali munthu wabwino, sindingamunamizire. Ankabwera ndi tiyi m'fulasiki n'kumatigawira tonse. Koma ndikamalankhula, ndinkamuona chapambali milomo yake ikuyenda limodzi ndi yanga, osaphonya liwu ndi limodzi lomwe. Tiyi wake ndinkamwa, koma ankandiwawa.

Kutatsala masiku ochepa, wotsogolera ananditengera pambali. Analankhula mwaulemu, akuyang'ana nsapato zake. Anati tsiku loyamba ndi langa, chifukwa anandilonjeza. Koma ngati mawu anga sadzafika kwa anthu a kumbuyo, masiku otsalawo adzalankhula mayi wa tiyi uja, ine ndidzalowa m'gulu la osenza nkhuni. Ndinayankha kuti ndamva, ndinathokozanso, taganizani. Ndinali nditalengeza kale kutchalitchi kwathu kuti ndili m'sewero. Chithunzi changa nditavala mkanjo wa mayi wa mfumu chinali chitafika kale ku Dowa, ndipo ana amene ndinawaphunzitsa zisudzo anali kuchitumizirana. Ndinachita manyazi, ndipo pansi pa manyaziwo panali mkwiyo. Chinthu chimodzi chimene ndinkadziwa kuti ndimachitha pamoyo wanga chinali kuima pabwalo n'kumveka, ndipo nachonso chinali kundipulumuka.

M'mawa mwake ndinakwera basi ndi mnzanga wa kuntchito, mayi wa ku Katete ku Zambia. Ameneyo sanong'ona. Dziko lino linamulephera. Amaseka chikhakhali m'basi mpaka woyendetsa kuyang'ana pagalasi. Ataona nkhope yanga anandifunsa amene wamwalira. Ndinamuuza zonse, ndipo anati ndimufotokozere kaye sewerolo kuti amve chimene chikundiliza. Ndinayamba: mfumu yamwalira, yasiya mwana wamkazi, koma ufumu walanda mwana wa mlongo wake.

“Imani kaye, asisi,” anatero. “Mwana wa ndani?”

“Wa mlongo wake wa mfumuyo. Ineyo ndiye mlongoyo.”

“Manje walanda chiyani? Si wake ufumuwo? Mwana wa mfumu akalowe ufumu kwa amalume ake, kwa amayi ake uko. Apa akufunapo chiyani?”

Iye anapitiriza, mawu ali pamwamba, kuti azungu amenewa anamenyana zaka zonsezo pa nkhani imene amayi a ku Katete akanaithetsa madzi osamba asanatenthe. Anawonjeza kuti awiriwo ndi pachisuweni, akanangowakwatitsa basi, nkhondo ya chiyani. Ndinaseka mpaka misozi, anthu m'basi n'kumatiyang'ana. Koma kuseka kutatha, ndinkangosinkhasinkha mawu akewo mpaka potsikira.

Ine Mchewa wa ku Dowa, mphunzitsi wa Chichewa, ndinali nditaiwala kuti ufumu umayenda ndi bele. Ndinamva nkhani ija m'Chingerezi, ndipo ndinaimeza mmene anandipatsira. Tsiku limenelo, ndikusambitsa ndi kudyetsa okalamba anga, ndinkangokumbukira za chaka chimene anamwalira amalume a mayi anga, amene anali mfumu ya mudzi wathu. Ndinali kamtsikana. Amayi a mbumba yathu anadzitsekera m'nyumba kukambirana, amuna ali panja kudikira ngati ana. Chitseko chitatseguka, mayi anga anatuluka, analunjika pamene anakhala mlongo wawo, amalume anga, n'kuwagwira dzanja mwamphamvu kuwakokera pakati pa bwalo. Sanapemphe munthu. Sanaweramitse mutu. Ana a mfumu yomwalirayo anali pomwepo, ndipo anaomba nawo m'manja, chifukwa ankadziwa kuti wawo ufumu uli kwa amayi awo.

Madzulo ndinamuimbira foni wotsogolera uja n'kumufotokozera kuti kwathu mayi ameneyu sakanapepesa, chifukwa kwathu mwana wake ndiye mwini mpando. Iye anati sanaganizepo kuti pangakhale malo amene mwana wa mlongoyo si mbala. Nthawi yoti tiyeserere inalibenso, chifukwa kuyeserera komaliza kunalephereka ndi mvula. Anangoti mawu olembedwawo ndisasinthe, koma zina zonse ndichite mmene ndikuonera.

Tsiku loyamba kunazizira kofa nako. Mvula inali itasiya, matope atauma pamwamba ndi chisanu koma pansi ali phalaphala. Anthu anabwera ambiri kuposa mmene ndinkaganizira, atavala zipewa ndi magolovesi, ana ali pamapewa a abambo awo, aliyense ndi kanyali kake. Ife tinkabisala kuseri kwa khoma, mikanjo yathu itavalidwa pamwamba pa majuzi awiriawiri. Nditasuzumira, ndinaona mnzanga wa ku Katete ali kutsogolo kwenikweni, pachingwe chimene chinkalekanitsa owonerera ndi bwalo. Sanabwere yekha. Anali ndi gulu la amayi a kutchalitchi kwathu, a ku Kasungu, a ku Mchinji, a ku Zomba, onse atamanga zitenje pamwamba pa majekete awo otupa. Ndinamva pambuyo pake kuti Lamulungu lapitalo iye anawasonkhanitsa panja pa tchalitchi n'kuwauza kuti mwana wa asisi akufuna kumubera ufumu, aliyense amene alibe shifiti abwere. Panali ndi bambo mmodzi wa ku Mzimba amene anayesa kutsutsa kuti kwawo ufumu ndi wa ana a mfumu, koma akazi ake anamuuza kuti agwire nyali akhale chete.

Sewero linayamba. Mfumu inamwalira bwinobwino, nduna zinanong'onezana, ng'oma inalira. Ine ndinali kuseri kwa khoma, ndipo mayi wa tiyi anali pambali panga atagwira fulasiki yake. Nthawi ya mlandu itakwana, mtsikana wa kuyunivesite anatuluka atavala zoyera n'kunena mbali yake. Ananena bwino kwambiri. Anakumbutsa nduna za lumbiro lawo, anafunsa ngati kubadwa mkazi ndi mlandu. Anthu anaomba m'manja ndi magolovesi awo, phokoso lake lofewa ngati akupuntha mapilo.

Malo anga oimapo anali ataikidwa chizindikiro pambali, pafupi ndi khoma. Sindinapiteko. Ndinalunjika pamene anaima mwana wanga wa dazi uja, ndinamugwira pamkono ndi mphamvu zimene ndimanyamulira anthu pabedi, n'kumukokera pakati pa bwalo. Anadzandira, anandiyang'ana modabwa, koma anabwera. Ndinaponda pansi bwinobwino, mapazi motalikirana, ndinayang'ana kumpanda kuja kumene wotsogolera anaima, n'kutsegula pakamwa.

Mawu anali omwe aja. Uyu ndi magazi a bambo anga. Anatuluka m'mimba muno. Mlongo wanga anamulera yekha, anamudyetsa pambale yake. Kwa milungu yonse ija ndinkawanena mopempha, koma tsiku limeneli ndinkangowauza anthu zimene zilipo. Ponena za mimba ndinadzimenya pamimba ndi chikhatho, phokoso lake n'kumveka. Ndinamva mawu anga akugunda khoma lamiyala n'kubwerera kwa ine, mawu a pabwalo la mpira aja, amene ndinkaganiza kuti ndinawasiya pabwalo la ndege ku Lilongwe. Mwana wina amene ankalira pamapewa a bambo ake anasiya. Chisanu sindinachimvenso.

Nditangotseka pakamwa, nthungululu inang'amba mlengalenga. Anali mnzanga wa ku Katete. Enawo anailandira, ndipo m'mabwinja monse munadzaza phokoso limene miyala imeneyo sinalimvepo chiikidwire. Nkhunda zimene zinagona pamwamba pa khoma zinabalalika. Ndisanadziwe chimene chikuchitika, amayi aja anadutsa pansi pa chingwe. Anamasula zitenje zawo n'kuyamba kuziyala m'matope, china kutsogolo kwa chinzake, kuchokera pamapazi a mwana wanga mpaka pampando wachifumu. Anyamata oyang'anira chingwe, ovala zachikasu, anayang'anizana osadziwa chochita. Owonerera ankaganiza kuti zonsezi ndi za m'sewero.

Amene ankachita mbali ya bishopu, woweruza mlanduwo, anachita chamuna. Anakweza ndodo yake monga tinayeserera n'kufunsa amene akufuna mwana wamkazi. Nyali zinakwera, zochulukirapo ndithu. Anafunsa amene akufuna mwana wa mlongo. Bwalo lonse linawala. Panalibe chowerengera, aliyense anaona. Ndi bambo wa ku Mzimba yemwe nyali yake inali m'mwamba, ngakhale sindikudziwa ngati mkonowo anakweza yekha.

Apo ndiye panabuka vuto. Tapambana, koma palibe amene anakonzekera kupambana. Mwana wanga anayenda pazitenje zija monyang'ama, akuopa kuzidetsa, akunong'oneza kupepesa kwa mayi aliyense amene anagwada m'mbali. Anakhala pampando, bishopu anamuveka chisoti, ndipo bwalo linati zii kudikira mawu a mfumu. Ndinamuyang'ana m'maso n'kuona kuti mulibe kanthu. Timizere tija tosafunika tija tinali titauluka. Dazi lake linkatuluka nthunzi m'chisanu chonse chija.

Kwathu mfumu sailonga n'kuisiya choncho. Amailangiza. Sindinaganize kawiri. Ndinapita patsogolo pake, ndinagwada bondo limodzi m'matope, n'kuyamba kumulangiza mokweza kuti onse amve. Ndinayamba m'Chingerezi changa cha ku Dowa, chimene tsiku limenelo sindinachite nacho manyazi. Ndinamuuza kuti kuyambira lero makutu ake akule, pakamwa pachepe. Ndinamuuza kuti mfumu sidya yokha, ndipo ikamva kuti kwinakwake kuli maliro siyamba yafunsa kuti womwalirayo anali wa mbali iti. Chingerezi chitandithera ndinalowa m'Chichewa.

“Mwana wanga, mfumu n'kudzala. Zinyalala zonse za mudzi zidzatayidwa pa iwe, usadzanyansidwe. Mutu ukakula sulewa nkhonya.”

“Eya,” anavomera amayi aja, akuomba m'manja mwaulemu, mwapansipansi.

Ndinabwereranso m'Chingerezi, ndinaloza mtsikana wa zoyera uja, n'kumuuza mwana wanga kuti uyo ndi msuweni wake, mwana wa malume ake, asadzamukhudze ngakhale tsitsi. Mtsikanayo anali wochenjera. Anaona kuti ndamutsegulira khomo. Anabwera kutsogolo, maso ali psu, n'kunena kuti chifundo chathu sakuchifuna, akufuna mpando wa bambo ake, ndipo adzautenga ndi lupanga. Mawu amenewo anamudzutsa mwana wanga. Anaimirira, anakumbukira mzere wake, ng'oma inalira, nkhondo inayamba monga mwa dongosolo. Amayi aja anatola zitenje zawo zamatope n'kubwerera kuseri kwa chingwe, akukambirana mokweza kuti mtsikanayo ndi wamwano koma kulankhula amatha.

Sewero litatha ndinaima kuseri kwa khoma, bondo lili nyowe, ndikudikira kukalipiridwa. Ndinali nditaswa malamulo onse. Malo anga ndinawasiya, mawu ndinawonjezera, anthu anga anadumpha chingwe. Wotsogolera anabwera akuthamanga, mphuno ili piriwiri kuposa kale, ndipo anandikumbatira mpaka chipewa chake chinagwa. Anati mbali ndi yanga mpaka tsiku lomaliza, ndipo malangizo aja asachoke. Kenako anafunsa ngati amayi aja angamabwere tsiku lililonse. Ndinamuuza kuti sizingatheke. Ena mwa iwo anachita kusinthanitsa mashifiti kuti apezeke tsiku limenelo, ndipo mawa lake onse anali kuntchito, ena ku Wolverhampton, ena ku Birmingham. Mayi wa tiyi ananditsanulira kapu yodzaza n'kundiuza kuti anasangalala kuti sanafunike. Ndikhulupirira ankanena zoona, ndipo tiyi wa tsiku limenelo anakoma.

Tinabwerera pabasi tonse, zitenje zamatope zili m'majumbo, tikuimba nyimbo za kwathu chapansipansi mpaka mnzanga wa ku Katete anaiwala n'kukweza. Ndinali wokondwa, sindikana. Koma nditafika kunyumba n'kuvula nsapato, kamtima kena kanayamba kundidya. Kodi nyali zija anakwezera ine, kapena anakwezera nthungululu ndi zitenje? Gulu la amayi ovala zowala likuyala nsalu m'matope, ndani sangalikwezere nyali? Mbali ndinali nditaisunga, koma funso limene linandipweteka lija linali lisanayankhidwe. Ndinkafuna kudziwa ngati ine ndekha ndingaime pabwalo la dziko lino n'kumveka.

Mawa lake nyengo inaipa. Kunkagwa kamvula kosakanikirana ndi timatalala, mphepo ikuwomba cham'mbali. Anthu anabwera ochepa, atabisala m'maambulera ndi m'zipewa za majekete, ndipo nditasuzumira sindinaone nkhope ndi imodzi yomwe ya kwathu. Ndisanachoke kunyumba ndinali nditamanga chitenje changa m'chiuno, mkati mwa mkanjo. Sichinali chatsopano. Chinali chimene ndimamanga pophika, chofwifwa m'mphepete.

Mtsikana wa kuyunivesite anali atamva kuwawa kugonja dzulo lake, ndiye analankhula ngati moto. Ndinamusirira. Anthu anamuombera m'manja nthawi yaitali. Ine ndinatuluka, ndinamugwira mwana wanga pamkono, ndipo ulendo uno anabwera mondilimbira pang'ono kuti ndichite kumukoka zenizeni. Mphepo inkandimenya kumaso. Ndinaidikira kuti ipume, monga ndinkawaphunzitsira ana anga ku Dowa, n'kuponya mawu pampata umenewo. Ikayambanso ndinkaima, ndikuwayang'ana anthuwo mmodzimmodzi, osathamanga. Ndinadzimenya pamimba. Ndinamaliza.

Kunali zii. Kunkangomveka timatalala pamaambulera. Pamalo pamene dzulo panalira nthungululu panalibe kanthu, ndipo mantha anandigwira. Ndiye ndinakweza mutu, ndinaika dzanja pakamwa, n'kuiliza ndekha. Inatuluka yaitali, yakuthwa, yoposa ya mnzanga wa ku Katete, ngakhale iye mpaka lero amakana. Ndinapisa dzanja mumkanjo, ndinamasula chitenje changa chophikira, ndinachikung'untha kamodzi n'kuchiyala m'matope patsogolo pa mwana wanga. Chinali chimodzi chokha, sichinafike ngakhale theka la njira ya kumpando. Iye anachiponda ndi mapazi onse awiri, osapepesa, n'kuima pomwepo chilili.

Kutsogolo kunali bambo wina wokalamba wa konkuno, wa ndodo ndi chipewa chaubweya. Ndinamuona akuchotsa golovesi, akuika dzanja pakamwa. Chimene chinatuluka sichinali nthungululu, chinali ngati tambala wachimfine, koma anayesetsa ndi mtima wonse. Mayi wina pambali pake anayesa naye, kenako ana, kenako anthu akuluakulu a ulemu wawo, onse akulira mosiyanasiyana m'mvula muja, akuseka. Ine ndinaluma mlomo kuti ndisaseke, pakuti mayi wa mfumu saseka pabwalo.

Bishopu anakweza ndodo n'kufunsa za mwana wamkazi, ndipo nyali zake zinakwera. Atafunsa za mwana wa mlongo, sindinayang'ane kutsogolo kumene kunali bambo wa ndodo uja, chifukwa a kutsogolo amamva ngakhale wonong'ona. Ndinayang'ana kumbuyo kwenikweni, kumpanda, kumene kunaima anthu obwera mochedwa amene sankationa n'komwe bwinobwino chifukwa cha maambulera a anzawo. Nakonso nyali zinali m'mwamba.